Mamendulo a amalume anakana kukwera pulatifomu

Ganyu ya masiku atatu

Ndiyambe ndi kuulula kuti ndalama ndinalandira. Sizinali zambiri, koma ndinalandira, ndipo theka lake linathera ku mafuta a njinga yamoto ogula pa chigubu chifukwa m'mapampu munali gwaa. Unali mwezi wa Ogasiti chaka cha 2025, kampeni itafika pa mponda chimera, magalimoto a zimkuzamawu akupikisana kuchokera kumsika mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, fumbi lili koboo pa boma la Mangochi.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anali m'gulu la mkulu wina wofuna uphungu kudera kwathu. Dzina lake sinditchula, chipani chakenso ayi. Chofunika pa nkhani ino n'chakuti mkuluyo anali msilikali wopuma, ofisala ndithu, ndipo pa zithunzi zake zomata m'mitengo ya magetsi anavala chipewa chooneka ngati cha kubalaki.

Mnzangayo anandipeza ndikudya kanyenya. Anati, "Aise, a Sajeni aja si amalume ako? Tisonkhanitsire asilikali akale a kuno, ngakhale khumi okha. Avale mamendulo, adzaime kumbuyo kwa bwana Loweruka pamsonkhano. Chithunzi chimodzi basi, tichiponye pa Facebook."

Ndinavomera nyama isanatsike kukhosi. M'mutu mwanga zinali zophweka: msilikali amakonda msilikali mnzake. Ndinkawaona ngati usipa wa m'dengu limodzi, ukagula mulu wagula onse.

Bawo la pansi pa mtengo wa mango

Sindinavutike kuwafunafuna. Atatu mwa iwo amapezeka malo amodzi tsiku lililonse dzuwa likapendeka, pa bawo la pakhomo pa amalume, ndipo enawo ndinawapeza kudzera mwa atatuwa.

Amalume ndi achimwene awo a mayi anga. Analowa usilikali mu 1984, anakaphunzira ku Salima, kenako n'kupita ku Cobbe ku Zomba. Anthu onse, ngakhale a mfumu, amangowatchula kuti a Sajeni. Boma litayamba kutumiza asilikali kukalondera njanji ya ku Nacala mu 1987, nthawi imene zigawenga za Renamo za ku Mozambique zinkaphwasula njanji ndi kutchera mabomba, iwo anali m'gulu la amene anapita. Ine ndakula ndikudziwa chiganizo chimodzi chokha cha nkhaniyi: "Amalume ako anapita ku Mozambique." Sindinafunsepo zambiri. Kwathu kuno Mozambique si kutali, ukangokwera phiri kudutsa Namwera wafika pa Chiponde, tsidya lake ndi Mandimba, ndiye mawu oti anapita ku Mozambique ankamveka ngati anapita kukagula zitenje.

Wachiwiri ndi wamng'ono, zaka zake sizinafike 45. Timamuti Kopolo. Anapita ku Congo ndi gulu lija la United Nations limene Malawi, Tanzania ndi South Africa anatumizako asilikali kuyambira mu 2013, ndipo anali kudera la Beni mu Novembala 2018 pamene asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania, ndipo chaka chotsatira anamupatsa ulemu waukulu ku New York iye ali kale m'manda. Kopolo akatchula dzinali amavula chipewa, ngakhale ali pakati pa kutakata. Anabwerako mwendo ukukoka, pano amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Amakonda kunena kuti ana a kuno akamva zoti Beni amaganiza za gule wa amalikhweru ndi ng'oma, pamene iye amaganiza za nkhalango imene masana amakhala ngati madzulo.

Wachitatu ndiye ovuta kumufotokoza. Si msilikali, koma ukamuuza choncho mumayambana. Anali wa Malawi Young Pioneers, gulu la achinyamata la chipani cha MCP m'nthawi ya Kamuzu, kwa zaka 14, ndipo mpaka lero dzina lake pamudzi ndi a Payoniya. Iwo amati ntchito yawo inali kuphunzitsa anyamata kubzala chimanga m'mizere ndi kuumba njerwa. Azimayi achikulire a kumsika amakumbukira zina, za makhadi a chipani ndi mitanga ya nsomba yotayidwa pansi. Zonse ziwiri n'zoona, ndikuganiza. Mu Disembala 1993 asilikali atayamba kulanda zida apayoniya pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, iwo anathawa wapansi, n'kukatulukira ku Mandimba, ndipo anakhala kumeneko kupitirira chaka.

Amene ankathamangitsa ndi amene ankathawa, lero amasewera bawo limodzi, wina akuba nkhomo mnzake akayang'ana kumbali. Lachisanu a Payoniya amachedwa chifukwa cha kumzikiti, amalume amawadikira bawo litayalidwa kale. Zimenezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku osaziganizira.

Nditawafotokozera za ganyu yanga, palibe amene anadzutsa mutu. Amalume anangoti, "Munthuyo abwere timuone kaye. Mkazi safunsirwa pa chithunzi."

Mzinga wa pa nsanja

Pano ndipatuke pang'ono. Aliyense wa kuno amaudziwa mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, cha kumlatho. Ana amaukwera, a kabaza amatsamirapo podikira makasitomala. Unachokera mu sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawoloka nyanja kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya la Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Tauni yathuyi inayamba ngati linga, n'chifukwa chake inkatchedwa Fort Johnston. Mu Febuluwale 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere analanda boma lomweli usiku umodzi, n'kukalepherera pa doko la Liwonde, ndipo zimene zinagwera midzi ya kuno pambuyo pake, monga kwa Moto, akuluakulu amazinenabe motsitsa mawu. Ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi. Ngakhale beni amene timavina pa maukwati ndi perete wa asilikali a Keyala, a nthawi ya atsamunda aja, amene anabwera naye kumudzi n'kumusandutsa gule.

Ndikutanthauza kuti Mangochi yunifolomu amaidziwa, ndipo amadziwanso kuti yunifolomu si imodzi. Ine ndekha ndi amene ndinkadutsa pa mzinga uja kawiri patsiku osaphunzirapo kanthu.

Lachinayi, m'chipinda cha resitihausi

Tinapangana 9 koloko m'mawa. Asilikali akale asanu ndi anayi anali atakhala pa mipando ya pulasitiki nthawi isanakwane, nsapato zopolisha, malaya opisira. Ena anali oti mano anatha, wina anabwera ndi mdzukulu womugwira dzanja. Bwana anafika cha m'ma 11. Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, fani inali itafa, ndipo ine ndinali nditatuluka kasanu kukaimba foni.

Atalowa, chinthu chinachitika chimene sindinachiyembekezere. Onse anaimirira nthawi imodzi, mipando n'kulira kamodzi. Palibe anawauza. Ngakhale agogo a mdzukulu aja anaongoka msana. Mnzanga uja anandiponda chala, kutanthauza kuti zatheka.

Bwana anapepesa za kuchedwa, anagawa zakumwa ndi mabanzi, n'kuyamba kulankhula za msewu, za mankhwala m'zipatala, za mtengo wa chimanga ndi feteleza kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anali wodziwa kulankhula, ndisaname. Kenako anafika pamene ankafuna: "Ine ndine mmodzi wa inu. Ululu wa msilikali ndimaudziwa."

Amalume anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Nambala yanu, bwana?"

Ine sindinamve tanthauzo lake, ndinkaganiza akufuna ya foni. Koma bwana anayankha pompo, manambala akutuluka okha ngati pemphero loloweza. Akuluakulu aja anagwedeza mitu. Pambuyo pake ndinamva kuti pamenepa ndi pamene amagwirira anthu onama, chifukwa munthu akhoza kuiwala tsiku limene anakwatira koma nambala yake ya usilikali amapita nayo kumanda.

"Munali kuti?"

Apa bwana anakhosomola pang'ono. Anati ku Mozambique sanapiteko, nthawiyo anali akadali pasukulu. Zaka zake zambiri anagwira ntchito ku sitolo, kwa kotamasita, kuwerenga katundu ndi kulemba mapepala. Kunja anapitako kamodzi, koma anali ku likulu, mbali ya katundu yomweyo.

Kopolo anaseka, kuseka kouma kopanda chimwemwe. "Ndiye kuti inu bwana nkhondo yanu munkamenya ndi bolopeni? Ife tikugona m'matope inu muli pa fani?"

Chipinda chinati zii. Mnzanga uja thukuta linali kamukamu. Ine ndinaona ganyu yanga ikumira ngati bwato lobooka, ndipo ndinayang'ana amalume ndikudziwa kuti tsopano amaliza ndi iwo. Munthu amene anagona m'mbali mwa njanji zaka zija angamve chiyani za msilikali wa m'sitolo?

Amalume anatembenukira kwa Kopolo, osati kwa bwana.

"Kopolo, khala bwino. Ndikuuze za jombo."

Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamva nkhani ya ku Mozambique kuchokera pakamwa pawo. Anati inali nyengo ya mvula, iwo ali pa kamsasa kena kupitirira Cuamba. Ntchito inali yoyenda wapansi kutsogolo kwa sitima, maso pansi, kuyang'ana pamene dothi lasintha mtundu kapena pamene miyala ya njanji yasuntha, chifukwa pamenepo ndi pamene pamakhala bomba. Sitima inkabwera m'mbuyo mwawo pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodwala. Kamlatho kena kumbuyo kwawo kanaphulitsidwa, ndiye kwa milungu itatu palibe chimene chinawafika. Jombo yawo ya kumanzere inatseguka kukamwa. Anaimanga ndi waya wa foni, wayayo n'kudya phazi mpaka mafinya. Mnzawo wina ankayenda ndi nsanza zokulunga.

"Tsiku lina tinangoona kangolo ka panjanji kakubwera, anthu anayi akukankha. Pamwamba pali kamnyamata ka kusitolo, koonda ngati bango, mfuti kakuigwira ngati khasu. Kabweretsa jombo, mchere ndi mabatire a wailesi. Kanali ndi buku. Aliyense kanamuwerengera saizi yake, n'kumusainitsa. Jombo zinakwana ndendende, palibe imene inasowa panjira. Ukudziwa jombo inkagulidwa zingati ku Cuamba nthawi imeneyo? Kakanatha kugulitsa theka n'kunena kuti a Renamo alanda. Ndani akanatsutsa?"

Anaima pang'ono, n'kumwa chakumwa chija chimene chinali chitafunda kale.

"Ndiye usamanyoze bolopeni. Wa mfuti akalakwitsa amafa yekha. Wa bolopeni akaba timafa tonse. Ine kwa bwanawa sindifunsa ngati anaombera munthu. Kunyumba ya malamulo sakukaombera munthu. Akukawerenga katundu wa anthu. Ndikufuna ndidziwe ngati jombo zawo zinkafika."

Wina mwa akuluakulu aja, amene anapuma mochedwerapo, anati anagwirapo ntchito balaki imodzi ndi bwanayo ndipo sanamvepo mbiri yoipa. Sananene zambiri, koma kwa anthu amenewa mawu oti sindinamvepo kanthu ndi satifiketi.

Bwana nkhope inawala. Mnzanga anatulutsa foni kuti ayambe kujambula. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerenga ndalama yotsala.

Kachitini

"Ndiye a Sajeni," anatero bwana, "Loweruka mubwere nonse, muvale mamendulo, anthu aone kuti asilikali ali pambuyo panga."

Amalume anapisa dzanja m'thumba la jekete. Inde, anavala jekete m'kutentha kuja. Anatulutsa kachitini kafulati, kakale, penti itasupuka m'makona. Ndinkakadziwa, kamakhala pansi pa sutikesi ndipo tili ana tinkaletsedwa kukakhudza. Anakatsegula pa tebulo. Mkati munali kansalu koyera, ndipo m'kansalumo mamendulo awo, maliboni atazilala pang'ono. Pambali panali ina yosiyana ndi zonse, yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yakuda ndi ukalamba.

"Iyi ndi ya bambo anga. Anapita ku Burma ndi a Keyala mu 1944, kukamenyana ndi Ajapani m'nkhondo ya Angerezi. Anabwerako ndi malungo ndi nyenyezi iyi. Awa ndi anga. Mwawaona?"

"Ndawaona, a Sajeni."

"Mwawaona pano chifukwa ndinu msilikali, nambala mwatchula. Koma pa pulatifomu ya chipani sakwera."

Anatseka kachitini, phaa, n'kukabweza m'thumba.

Bwana anayesa kunyengerera. Anati si za chipani, ndi za ulemu, anthu adziwe kuti m'dera muno muli ngwazi. Amalume anayankha mofatsa, ngati akuuza mwana njira ya kuchigayo. Anati ulemu umenewo uli ndi tsiku lake, mu Novembala, pamene amavala kaduwa kofiira n'kupita ku chipilala ku Zomba, ndipo kumeneko amaima limodzi wa MCP, wa DPP, wa UDF, wa UTM, osafunsana. Anati mendulo sanapatsidwe ndi chipani, ndipo njanji imene ankalondera inkanyamula mafuta ndi feteleza wa aliyense. "Ine ngati munthu ndikhoza kubwera kudzamvera, nditavala malaya anga a kumunda. Koma mukufuna a Sajeni, simukufuna ine."

Ndiye a Payoniya, amene nthawi yonseyi anali phee pakona, anadzuka.

"Ine ndibwera, bwana. Ndiima kumbuyo kwanu. Koma mendulo ndilibe."

Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, lofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa, lili m'kajumbo ka shuga. Linali pepala losonyeza kuti analembedwa ntchito chaka chakuti, nambala yakuti. Mukukumbukira apayoniya akale aja amene ankagona pa chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe kufuna ndalama zawo zopumira? Iwo anapitako kawiri pa matola. Anzawo ena analandira, iwo dzina lawo akuti likufufuzidwabe.

"Achimwene angawa ali ndi penshoni, ngakhale imatha mwezi usanafike pakati. Akhoza kusankha pulatifomu yokwera ndi yosakwera. Ine ndinavala yunifolomu ya chipani zaka 14. Chipani chitagwa, yunifolomu inagwa nacho, ine n'kutsala ndi kabudula m'tchire la ku Mandimba. Zimene akunenazi ndikuzidziwa kuposa iwo. Koma njala ilibe manyazi. Mukalonjeza kuti pepala ili mukalitchula kunyumba ya malamulo, ine Loweruka ndivina beni."

Ena anaseka, koma amalume sanaseke. Anangoti, "Pitani achimwene. Inu muli ndi chifukwa."

Kopolo ndiye anali ndi funso lake. Mu Januwale chaka chomwecho asilikali athu atatu anali ataphedwa kum'mawa kwa Congo pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23, ndipo mwezi wotsatira pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti akonzekere kubwerera kumudzi. Kopolo anafuna kudziwa ngati bwana, akakalowa, adzavomereze kuti ana a anthu azitumizidwanso. Bwana anayankha kuti phungu mmodzi satumiza asilikali ndipo sawabweza, chimene angachite n'kufunsa mafunso ndi kulondola ndalama za amasiye. Kopolo anati yankho limenelo ndi la kusitolo. Ine ndinaona kuti linali loona, koma sindinalankhule, ndinali wa ganyu.

Mwa anthu asanu ndi anayi aja, anayi anati abwera ndi mamendulo, atatu anakana, awiri anati akaganiza. Usipa wanga wa m'dengu limodzi uja unali utasanduka chambo, mlamba, kampango ndi nkhanu.

Pa njinga

Potuluka aliyense anapatsidwa envulopu ya thiransipoti. Lamulo la zipani limaletsa zogawagawa nthawi ya kampeni, koma thiransipoti tonse timadziwa kuti ili ndi dzina lina. Amalume anatsegula yawo pamaso pa mnzanga uja, anawerenga, anachotsapo ya mafuta a njinga yanga kupita ndi kubwera, n'kubweza yotsalayo. Mnzangayo anasowa poyika manja.

Ndinawakweza ndili wokwiya. Titadutsa mlatho ndinalephera kupirira.

"Amalume, mwandichititsa manyazi. Munthu mwamuteteza nokha pamaso pa anthu, kenako mukumukana. Chithunzi chimodzi chikanakuchotserani chiyani?"

Anandigogoda paphewa kuti ndiime. Tinaima pansi pa mlambe wina m'mbali mwa msewu, pamene amayi ena amagulitsa mabumu ndi madzi a m'mapepala.

"Iwe mwana wa chemwali wanga, unabadwa liti?"

"1991."

"Ndiye Bwezani unali ukuyamwa."

Anandifotokozera mmene iwo anazionera. Dziko linali litavota kale pa 14 Juni 1993 kuti likufuna zipani zambiri, koma apayoniya anali akadali ndi mfuti, nkhokwe zathunthu, ndipo sankayankha kwa mkulu wa asilikali kapena wa polisi. Ankayankha ku chipani. Kamuzu anali akudwala atachitidwa opaleshoni ku South Africa, dziko likuyendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Kumayambiriro kwa Disembala apayoniya anaombera asilikali ku Mzuzu pa mkangano wa kumowa, ndipo patangopita masiku owerengeka mabalaki anatuluka. Amalume anali m'galimoto imene inapita ku kampu ina ya apayoniya kum'mwera kuno. Anapeza miphika ili pamoto, anthu atathawa, zithunzi za Ngwazi zili pakhoma, mfuti zili m'mabokosi.

"Ndinaima m'chipinda chimenecho ndikuyang'ana mayunifolomu atapachikidwa pa misomali. Nsalu yake yabwino kuposa yathu. Ndinadzifunsa kuti kusiyana kwa ine ndi mwini malaya awa n'chiyani? Perete timadziwa tonse. Mfuti timadziwa tonse. Mwina tinachokera mudzi umodzi. Kusiyana kunali kumodzi: iye anali wa chipani, ine ndinali wa dziko. Tsiku limene ndidzaime kumbuyo kwa munthu wa ndale nditavala mendulo, kusiyana kumeneko kwatha. Ndiye anzanga amene anatsala m'mbali mwa njanji ndikawauza chiyani?"

Anatchulanso za Epulo 2012, Bingu atamwalira, pamene ena ankafuna kukhotetsa malamulo kuti Joyce Banda asalowe, koma General Henry Odillo anaima pa malamulo. Anatchula za 2019 ndi 2020, asilikali akuyenda m'mbali mwa anthu ochita zionetsero m'malo mowathira utsi, mpaka General Vincent Nundwe anachotsedwa pa udindo mu Marichi 2020. Amalume si munthu wowerenga nyuzipepala, koma zaka zimenezi amazitchula ngati masiku obadwa a ana awo. Maiko ena oyandikana nafe asilikali ndi chipani ndi mphika ndi chivundikiro. Kuno ayi, ndipo iwo amaona kuti pa khoma limenelo pali njerwa yawo imodzi.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti anayi aja amene avomera alakwa.

"Mendulo ndi zawo. Msilikali akapuma ndi munthu wamba, lamulo silimuletsa. Ine ndikunena za kachitini kanga."

Kenako anagula mabumu awiri, limodzi n'kundipatsa, ngati ndikadali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Loweruka ndi pambuyo pake

Msonkhano unachitika. Anayi aja anaima kumbuyo kwa bwana, mamendulo akunyezimira, ndipo chithunzi chinayenda pa Facebook ndi mawu oti asilikali akale onse a m'dera lino agwirizana. Mawu oti onsewo ndinawaona ndipo anandiwawa, chifukwa ndinali m'chipinda chija. Ndinamuimbira mnzanga kuti awachotse. Anati ndi kampeni, aise, usakhale ngati amalume ako. Ndalama yanga yotsala anadula, akuti ndinalonjeza khumi.

A Payoniya anavinadi beni, likhweru pakamwa, mapewa akugwedera ngati mnyamata, pepala lili m'thumba la kumtima. Kopolo anabwera, koma kudzagwira ntchito: tsiku limenelo ananyamula anthu maulendo oposa makumi awiri ndipo akuti ndi tsiku lokhalo limene ndale zinamupindulira. Amalume anabwera mochedwa, atavala malaya a kumunda monga ananenera, anaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi ogulitsa nzimbe, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kubwerera wapansi.

Ine chimene chinanditsalira si za bwanayo. Ndi manyazi oti ndakhala zaka zoposa 30 pafupi ndi munthu, ndadya naye mbale imodzi, ndamubwerekapo ndalama, koma nkhani ya jombo ndinakaimvera m'resitihausi, pa ganyu, pamaso pa alendo. Ndinkafuna kubwereketsa mamendulo amene sindinkadziwa n'komwe kuti anawalandira chifukwa chiyani. Ndipo ndikaona masiku ano anthu akulemba kuti asilikali akale akufuna uje, achinyamata akufuna uje, Amangochi akufuna uje, ndimafuna kufunsa kuti mwakhala nawo pansi angati, ndipo anakuuzani kuti anali kuti.

Pa 16 Sepitembala tinakavota. Ngati bwana anapambana kapena anagwa sindinena, mungamuzindikire. Madzulo ake pa bawo aliyense anali ndi chala chakuda. A Payoniya ananena poyera amene anamuvotera. Kopolo anati pa pepala la aphungu anachonga munthu wina, mayi, chifukwa ndi yekhayo amene anabwera pa maliro a mnzake. Ndinafunsa amalume.

"M'kachipinda muja munalowa anthu angati?"

"Mmodzi."

"Ndiye ukufuna ulowemo bwanji lero? Takata, achimwene, nthawi ikutha."

Mu Novembala, Loweruka la pa 8, anandiitana m'mawa. Ndinawapeza pakhonde atayala kansalu koyera kaja, pambali pali phulusa m'chigoba cha chitini ndi ndimu wodula pakati. Ankakonzekera ulendo wa ku Zomba, mawa lake linali tsiku lokumbukira asilikali. Anandipatsa nyenyezi ya ku Burma ndi kansanza, n'kundionetsa mopukutira, kuchokera pakati kupita kunsonga, osakhudza liboni. Inali yopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Kuseri kwake kunali kosalala, kopanda dzina lililonse.

Ndinafunsa kuti kamnyamata ka kusitolo kaja kanathera kuti.

Anapitiriza kupukuta kwa kanthawi. Kenako anati kangolo kaja pobwerera kanaponda bomba, makilomita ochepa kuchokera pamene anatsitsa jombo. Buku lake analipeza m'udzu, masaini onse ali momwemo.

"Bweretsa ndimu winayo," anatero. "Uyu wauma."